Madzi a Masana

"Ndafunsa za chigubu chachikasu chija, mayi, sindinafunse za mutu wanu. Chili kuti?"

"Kapena chamera miyendo. Fufuzani bwino, mwina mwachikhalira."

A Sipanala anamenya chitseko cha khitchini ndi chikhatho, nkhuku imene inkatola nyenyeswa pakhomopo n'kuthawa ikutetera. Dzinali anawapatsa ndi anthu, poti m'mudzi monse wokonza mjigo anali iwo okha, ndipo sipanala sinkachoka m'thumba mwawo ngakhale popita ku ukwati. Kiyi wa loko ya pamjigo ankasunganso iwo, ali lende pachingwe m'khosi.

"Musandiyese mwana ine! Dzana chasowa, dzulo chasowa, lero ndaona ndi maso angawa mapazi akulowera kumsewu. Madzi a m'nyumba mwanga akupita kumatenti."

"Ndiye mwayamba ntchito yowerenga mapazi?" anatero akazi awo akupala mphika, osatukula n'komwe mutu. "Mwakwezedwatu."

Kumatenti kunali kutsidya kwa msewu, pabwalo lakale la mpira, kumene anaunjikana anthu a kuchigwa madzi osefukira atawalanda nyumba ndi minda. Mjigo unali umodzi wokha, ndipo chibwerere anthuwo unkangowonongekawonongeka. Komiti ya mjigo inakhala pansi n'kugamula kuti eni mudzi azitunga m'mawa, a kumatenti azitunga masana dzuwa lili paliwombo, kanthawi kochepa, kenako loko. Zoti masana m'chilimwe mjigo umatulutsa madzi ofiira aliyense ankadziwa, koma palibe anafuna kukumbutsa mnzake.

Mkangano uli mkati, mpongozi wawo anatulukira kuseri kwa nyumba, chigubu chopanda kanthu chili m'manja, mwana ali kumsana. Anali mkazi wa mwana wawo wamwamuna, yemwe ankagwira ntchito kutali kutauni. Wa kumsanayo a Sipanala ankamutcha Kabwana, ndipo kunena zoona wolamula m'nyumbamo anali iyeyo. Akangoloza chinthu, agogo ake ankathamanga.

Mpongoziyo anagwada chapatali.

"Bambo, musawavutitse amayi. Chigubu ndinatenga ndine. Amayi anga kumatenti msana wawavuta, mzere wa masana sangauthe."

A Sipanala anayang'ana kumbali n'kulankhula ndi akazi awo, ngati mpongoziyo palibe.

"Muuzeni mpongozi wanuyu kuti wosunga kiyi ndine. Anthu akamva kuti lamulo likuswedwa kuchokera m'nyumba mwanga, nkhope ndiyiika pati? Muuzeninso kuti anthu akwawowo akuthyola mjigo dala. Amaupopa ngati akupha njoka. Labala ya m'katimo ndasintha mpaka zala zandithera."

"Ali pomwepa, makutu ali nawo," anatero akazi awo.

"Ndamva, bambo," anatero mpongoziyo, mawu ali pansi koma osanjenjemera. "Pamene mwana wanu ankandikwatira tinali anthu a kuchigwa, ndipo mukabwera kwathu munkachoka mutasenza nsomba ndi nthochi. Lero tasanduka anthu akwawowo. Chabwino. Madzi amene sangafike pakamwa pa amayi anga, inenso akundiwawa pakhosi. Ndipita ndikamwe amene akumwa iwo."

"Apite! Koma mwana asiye."

"Mwana akuyamwa, bambo."

A Sipanala ankayesa ndi mkwiyo wa m'mawa chabe, wotha tiyi akapsa. Koma ayi ndithu. Mtsikana uja anamanga zovala m'nsalu n'kudutsa pabwalo, Kabwana akugwedeza kadzanja kutsanzika agogo ake, osadziwa kanthu.

Nyumba inazizira, a Sipanala n'kusowa pogwira. Anamasula njinga imene inali bwinobwino n'kuimanganso. Ananola makasu onse ngakhale mvula inali kutali. Anakhoma mpando umene sunkagwedera mpaka unayamba kugwedera. Akakhala pansi miyendo inkawayabwa, akaima pakhomo maso ankangothawira kutsidya kwa msewu. Mdzukulu wawo anamusowa koopsa, koma kuti anene ndi pakamwa, ha, bola kumeza sipanala.

"Idyani, bambo, chakudya sichinakulakwireni," ankatero akazi awo.

"Ndakhuta."

"Mwakhuta chiyani? Ukali?"

Pagolosale pokha ndi pamene ankapumako, chifukwa mwini golosaleyo, yemwenso anali wapampando wa komiti, ankawasisita mtima.

"Mwachita chamuna, achimwene," anatero Wagolosale tsiku lina akupukuta sikelo. "Anthu amenewa ukawasekerera, mawa udzuka ali kuchipinda kwako. Ayamba ndi madzi, kenako nkhuni, kenako minda. Mbuzi yanga ija inasowa, mukuganiza inapita kuti?"

"Si ija inapezeka kudambo itakola chingwe pachitsa?"

"Imeneyo ndi nkhani ina. Ine ndikunena za khalidwe lawo."

A Sipanala anagwedeza mutu kuvomera, koma maso anali kumatenti.

Sabata yachiwiri isanathe, akazi awo anabwera kuchokera kutsidyako nkhope itagwa. Anawapeza akunolanso khasu pansi pa mtengo.

"Nolani ndithu. Mwina tifuna lokumbira kadzenje kakang'ono."

"Mukuti chiyani, mayi?"

"Kabwana akutsegula m'mimba. Maso alowa m'kati, kuyamwa akukana. Madzi a masana sawakwanira anthu aja, ndiye akumakatunga kukhwawa kumene kumamwera ng'ombe."

Khasu linagwa lokha. A Sipanala anadzaza chigubu chachikasu chija ndi madzi a m'nyumba, anachimangirira panjinga, n'kuwoloka msewu dzuwa likuswa mtengo, anthu akuona.

M'tenti munkatentha ngati mu uvuni, fungo la pulasitiki ndi matewera lili thoo. Pamphasa panagona ana awiri. Wina anali Kabwana, wolefuka, milomo itauma. Winayo anali kamtsikana kokulirapo pang'ono, mwana wa mayi wamasiye amene ankakhala m'tenti momwemo. Asewere awo, mayi ake a mpongozi uja, anatsamira mtolo wa zovala akuingitsa ntchentche.

"Takulandirani, asewere. Mpando tilibe, unapita ndi madzi."

A Sipanala ananjuta pakhomo n'kukankhira chigubu m'kati.

"Ndabweretsa madzi abwino. Koma awa ndi a Kabwana. A Kabwana yekha, mwamva? Chigubu n'chimodzi."

Asewere awo analoza kamtsikana kaja.

"Tamva. Ndiye mukhale pompano, asewere. Kamtsikana aka kakalira ludzu, mukauze nokha kuti agogo ake alibe kiyi. Ine pakamwa panga sipangathe."

Manyazi anawagwira a Sipanala, ndipo monga zimakhalira ndi amuna ambiri, manyaziwo anatulukira mu ukali.

"Inu mukanapanda kumathyola mjigo, loko ikanachokera kuti? Musanabwere unkatha chaka osadwala. Lero ndimagona ndi sipanala m'manja chifukwa cha inu!"

"Munaimapo masana n'kuona mmene timatungira?" anafunsa asewerewo osakweza mawu. "Mumatsegula loko, n'kukakhala pagolosale, n'kubwera kudzatseka. Ife kwathu tinkatunga kumtsinje, chitsulo chanuchi tachionera kuno. Anatiphunzitsa ndani? Mzere umafika kumsewu, nthawi mwatipatsa ya kuwiritsa tiyi. Ndiye timagwira atatuatatu, kupopa mothamanga, maso ali kugolosale kuti mudzuka nthawi yanji. Nanga madzi akewo! Taonani nokha."

Anakoka ndowa imene inali pakona n'kuipendeka. Pansi pake panali mchenga wofiira, wochindikala ndithu. A Sipanala anautapa n'kuufikisa pakati pa zala. Chimene chimadya labala ya mjigo ankachidziwa bwino lomwe, ndi mchenga. Masana madzi amatsika m'chitsime, ndipo ukapopa mothamanga mjigo umayamwa za pansi. Miyezi yonseyi ankasintha labala akutukwana, osadzifunsa kuti mchengawo ukukwera bwanji.

"Kuchipatala tinapita, bambo," anatero mpongozi wawo, yemwe anali kumutu kwa mwana. "Atipatsa timapaketi tosungunula, akuti m'madzi aukhondo. Ndinangoseka."

Ulendo uno a Sipanala sanadutsire kwa munthu wina. Analankhula naye yekha.

"Mwana wanga, tiye kunyumba. Zija ndinalankhula ndi mkwiyo. Mwana akachirire kwawo."

Misozi inalengeza m'maso mwa mtsikanayo.

"Ndikufunitsitsa, bambo, mtima wanga ukuwawa. Koma mundiyankhe chimodzi. Kabwana akachoka muno, chigubu ichi chidzawolokanso msewu?"

A Sipanala anatenga chigubu chija. Anatsanulira madzi m'kapu n'kupatsa mayi wamasiye uja kuti amwetse mwana wake.

Kuyambira tsiku limenelo chigubu chinkawoloka m'mawa uliwonse, ndipo masana a Sipanala sanapitenso kugolosale. Ankaima pamjigo, thukuta lili kamukamu, akukuwa ngati mphunzitsi.

"Pang'onopang'ono, mayi! Kwezani mpaka m'mwamba, tsitsani mpaka pansi. Mmodzimmodzi! Inu awirinu tayani, si maliro awa oti munyamulizane. Sinditseka, musathamange."

Poyamba anthuwo sanawakhulupirire. Ankapopa pang'onopang'ono iwo akuyang'ana, akangotembenuka n'kuyambanso kuthamanga. Kenako ataona kuti loko ikukhalitsadi m'thumba, mikono inafewa, ena n'kuyamba kuwapatsa moni. Kabwana naye ankati lero kutukula mutu, mawa kubwerera. Kamtsikana kaja kokha kankangofookerafookera.

"Ndikumva kuti mwasamukira kumatenti, achimwene," anatero Wagolosale atakumana nawo panjira. "Tikupezereni lanu?"

"Ndikuwaphunzitsa kupopa."

"Komiti inakupatsani kiyi, osati choko. Samalani, anthu akulankhula."

Analankhuladi. Ena anasiya kuwalonjera, ndipo mayi wina anabweza khasu limene anabwereka osalowa n'komwe pabwalo. Zinawapweteka a Sipanala, poti anali anthu amene anakula nawo.

Tsoka ilo, labala inali itadyeka kale. M'mawa wina, mzere wa eni mudzi uli pomwepo, mkono wa mjigo unangopepuka, kukwera ndi kutsika wopanda mphamvu, ngakhale dontho osatuluka. Phokoso linabuka nthawi yomweyo. Pamene a Sipanala ankafika ndi thumba la zitsulo, amuna anali atasonkhana kale ndi mipini ya makasu.

"Mwakuona kukoma mtima kwanu?" anakuwa Wagolosale. "Mwangowasiyira mjigo masiku ochepa, aupha. Lero matenti aja tikukazula, akamange kwina!"

A Sipanala anakwera pasimenti ya mjigo. Anachita mantha kwambiri, chifukwa m'tenti limodzi mwa amenewo munagona mdzukulu wawo.

"Musanazule matenti, tizule kaye za m'chitsimemu, muone chimene chaupha. Ndekha sindingathe. Ndikufuna manja."

Kuzula ndodo za mjigo si ntchito ya munthu mmodzi. Zimatuluka zolumikizana, zazitali, zolemera, ndipo wina akangotayirira zonse zimagwera pansi pa chitsime, mjigo n'kufa mpaka kalekale.

"Tigwira mukalonjeza kuti awo sadzaukhudzanso," anatero Wagolosale. "Ndipo kiyi mubweze ku komiti."

"Kiyi nayu." Anavula chingwe m'khosi n'kuponya pasimenti. "Koma lonjezo limenelo, ayi. Mdzukulu wanga ali chigonere uko chifukwa cha lamulo limene ndinaliwombera m'manja ine ndemwe."

Amuna aja anapinda manja. Kutsidya kwa msewu nako amuna a kumatenti anali ataima, ena atagwira mitengo, akudikira chimene chibwere. A Sipanala anatembenukira komweko.

"Achimwene inu aatalinu! Manja muli nawo?"

Munthuyo anali msodzi madzi asanasefukire. Anayang'ana anzake, anataya mtengo wake, n'kuwoloka pang'onopang'ono, ena awiri akumutsatira.

"Tikagwira, mudzati tathyola ndife," anatero Msodzi.

"Ndikadzatero mudzandimenye ndi sipanala yomweyi."

Wa m'mudzi woyamba kugwira ndodo anali akazi a Sipanala. Kenako mkazi wa Wagolosale anatula ndowa yake pansi mwamphamvu n'kumanga nsalu m'chiuno.

"Inu imani choncho ndi mipini yanuyo, tione ngati madzulo musamba mipini," anauza amuna aja.

Wina anaphulika kuseka. Amuna angapo anaika mipini pansi mwakachetechete, n'kulowa pamzere wogwira ngati anabwerera zomwezo.

Ndodo zinayamba kutuluka. Ntchito yolemera siilola anthu kukhala duu. Kunali "Gwira!", "Kweza!", "Osataya, iwe!", phewa la wa m'mudzi likukhudzana ndi la wa m'tenti. Popumira, Msodzi anapukuta thukuta n'kuyang'ana mkazi wa Wagolosale, amene anagwira pafupi naye.

"Mayi, ndinene zoona. Ife uko timati mumathira dothi m'chitsime dala, kuti titope tichoke."

"Aa! Chitsime chomwe timamwa ife? Ndife amisala?" anadabwa mayiyo. "Ife kuno timati mumathyola mjigo dala, kuti tivutikire limodzi."

"Mjigo womwe timamwa ife?"

Anayang'anana, n'kuseka kuseka kwa manyazi.

"Nanga bwanji simunabwere kudzafunsa?" anatero mayiyo.

"Tikanayambira pati? Tikapereka moni mumayang'ana kumwamba ngati kukudutsa ndege."

Labala itatuluka, a Sipanala anaikweza m'mwamba. Inali yodyeka m'mbali monse, mchenga wofiira uli mbwee. Anaipereka kuti iyende dzanja ndi dzanja.

"Wadya ndi mchenga wa masana. Tinawapatsa nthawi imene chitsime chimafuna kupuma, n'kumawathamangitsa ndi loko. Mukanakhala inu, mukanauthyolanso chimodzimodzi."

Wagolosale anaitembenuza uku ndi uku, akufuna pogwira.

"Labala silankhula. Ndiye mukufuna tonse tiziunjikana pano m'mawa?"

"Mzere umodzi, m'mawa ndi madzulo," anatero mkazi wake. "Masana upume, asaukhudze munthu, kaya wa m'nyumba ya malata kaya wa m'tenti."

"Nanga akamatilowerera pamzere?"

"Pamzere mumabwera inu, bambo? Ndowa mumaidziwa polemera pake?"

Amayi anaseka mokweza. Si onse anakondwa, ayi. Amuna ena anachoka akung'ung'udza kuti mudzi wagulitsidwa, ndipo Wagolosale anatola kiyi uja n'kuika m'thumba nkhope ili ndwii. Koma loko, imene a Sipanala anaiika pambali pomasula mjigo, inatsala pansi pomwepo, palibe anaitola.

A Sipanala anaika labala ina, ndodo n'kutsikanso imodziimodzi. Atamanga zonse anauza Msodzi kuti apope. Munthuyo anakweza mpaka m'mwamba, anatsitsa mpaka pansi, mosafulumira. Kunatuluka matope, kenako madzi otuwa, kenako oyera mbee. Amayi anayamba kuwomba m'manja, ndowa zikugundana.

Pomwepo kutsidya kwa msewu kunamveka kulira. Sikunali kulira kwa mwana. Kunali kwa munthu wamkulu, kuja kumene aliyense amakudziwa akangokumva.

Sipanala inagwa pasimenti. A Sipanala anathamanga monga sanathamangepo chikalambire, nsapato imodzi n'kutsala pamsewu. Kulirako kunkachokera m'tenti lomwe lija. "Mayo, mdzukulu wanga! Ndamupha ndine!" ankatero akupunthwa pa zingwe za matenti.

Pakhomo anakumana ndi mpongozi wawo akutuluka, Kabwana ali paphewa, mutu uli wezuwezu. A Sipanala anaima, mpweya utawathera. Mwanayo anatsegula maso, anayang'ana agogo ake, n'kulira kamawu kakang'ono.

Anali moyo. M'katimo mayi wamasiye uja ndiye anali atafungatira kamtsikana kake, akukaitana, iko osayankha.

A Sipanala anathokoza Mulungu ndi mtima wonse, ndipo nthawi yomweyo anadzida chifukwa chothokoza, pakhomo pa mnzawo amene watayikidwa.

"Gwirani mdzukulu wanu, bambo," anatero mpongoziyo akulira. "Madzulo tibwera kunyumba. Ndikatunge kaye madzi osambitsa mnzakeyu."

Koma sanapite. Amayi a m'mudzi anali akuwoloka kale msewu, ndowa zodzaza zili pamutu, mkazi wa Wagolosale ali patsogolo. Anazitula pakhomo la tenti n'kukhala pansi padothi, pakati pa amayi a kumatenti.

Patapita nthawi mayi wamasiye uja anatuluka, ena atamugwirira m'mikono. Anayang'ana m'ndowa yoyamba, anaviika dzanja, n'kuona madzi akudontha m'zala zake.

"Koma ndiye oyera," anatero motsitsa. "Anali kuti masiku onsewa?"

A Sipanala anakumbatira Kabwana n'kulira mokweza, pamaso pa anthu onse.